Chigayo chili ku Joni, mudzi uli ku Ntcheu: njira iti yosakudyerani mpamba?

Mlamu wanga amagwira ntchito ku Johannesburg. Atasunga ndalama kwa zaka zingapo anagula chigayo ndi injini yake ya dizilo pamalo ena ogulitsa makina ogwirapo kale ntchito. Usiku womwewo anandiimbira foni, mawu ali m'mwamba ndi chimwemwe. Ine funso langa linali limodzi: "Alamu, nanga chifika bwanji ku Ntcheu?" Foni inakhala zii kanthawi. Anali atawerengera mtengo wa chigayo, wa malamba, ngakhale wa simenti yomangira maziko, koma za ulendo wa makilomita oposa 1,700 anangoti, "Tiona, achimwene."

Apa ndi pomwe ambiri timapunthwa. Timafunsa kuti "mumanyamula ndalama zingati?" n'kuthamangira amene watchula zochepa, osazindikira kuti mtengo wapakamwawo ndi chidutswa chabe. Mtengo weniweni umayambira pomwe makina akhala lero n'kukathera pa maziko pomwe azikalira. Pakati pake pali kukweza, kumanga, mapepala, msonkho, masiku odikira, kutsitsa, ndiponso kukonza zomwe zaphwanyika panjira. Njira iliyonse yomwe nditchule pano iyezedwe ndi muyeso umenewo.

Musanaimbire aliyense foni, tengani tepi ndi sikelo. Onyamula katundu amalipiritsa poyang'ana kulemera kapena malo omwe katundu wadya, ndipo amasankha chomwe chawakomera pa ziwirizo. Tiyerekeze kuti makina anu ali m'bokosi lotalika mita 1.5, mulifupi mita 1, msinkhu mita 1.2, ndipo akulemera makilogalamu 600. Bokosi limenelo ladya malo a makiyubiki mita 1.8. Panyanja, kiyubiki mita imodzi amaiyerekeza ndi tani imodzi, ndiye mudzalipira za 1.8, osati za 0.6. Pandege, kiyubiki mita imodzi amaiwerenga ngati makilogalamu pafupifupi 167, kutanthauza kuti bokosi lanu likanakhala la makilogalamu 300, koma poti kulemera kwenikweni ndi 600, mudzalipira za 600. Munthu amene ali ndi manambala amenewa m'manja amakambirana mtengo ngati wodziwa. Amene amangoti "ndi chachikulu ndithu" amauzidwa mtengo wongoganizira, ndipo wongoganizira sadzipweteka yekha.

Matransipota a ngolo ndi mabasi

Iyi ndi njira yomwe aliyense wa ku Joni amayamba kuiganizira, chifukwa ndi yomwe timatumizira mafiriji, mabedi, mabulangete ndi njinga. Transipota amabwera pakhomo ndi galimoto yokoka ngolo, mumayankhulana Chichewa, amadziwa mudzi wanu, ndipo nthawi zina amalola kuti zina mudzamalize katundu akafika. Ubwino umenewu si waung'ono, ndipo ambiri mwa anthuwa amagwira ntchito yawo mokhulupirika. Pa mota yamagetsi yomwe amuna awiri angainyamule, pampu yothiririra kapena makina owotcherera zitsulo, njirayi imathandiza.

Koma katundu akapitirira pomwe manja angathe, ine sindingakulangizeni. Ngolo zambiri zinapangidwira katundu wa m'nyumba, ndipo zimadzazidwa mpaka kumwamba. Chitsulo cha makilogalamu mazana angapo chimafuna kukhala pansi, pamwamba pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala), chitamangidwa ku thupi la ngolo. Zaka zapitazo ndinatumiza mota yaikulu mwanjira imeneyi. Inangokutidwa ndi bulangete n'kupanikizidwa pakati pa masutikesi. Itafika, kunja inkaoneka yabwinobwino, penti osakandika n'komwe. Titailumikiza, inayamba kunjenjemera mpaka tebulo lachitsulo kumasuntha. Shafiti, chitsulo chozungulira cha pakati pa motayo, inali itapindika pang'ono, mwina pa dzenje lina la pamsewu wa ku Tete. Panalibe pepala lililonse losonyeza kuti inanyamuka ili bwino, panalibe inshulansi, ndipo wonyamulayo anangotambasula manja. Ndalama zomwe ndinapulumutsa ponyamula zinakathera kwa amisiri, n'kuwonjezeranso.

Pali china chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri: mapepala a kasitomu, ndiko kuti a msonkho wa pachipata cha m'malire. Transipota akakuuzani kuti "za kasitomu musadandaule, tithana nazo," mufunseni kuti chikalata cha msonkho chidzakhala m'dzina la yani. Makina a bizinesi olowa opanda chikalata cha MRA cha m'dzina lanu angathe kulandidwa ngakhale patapita nthawi, ndipo simungawaonetse kubanki ngati chikole mopanda mantha. Za basi sindichedwapo. Basi ndi ya anthu ndi zikwama zawo, ndipo chinthu chomwe chingalowe kumunsi kwa basi sichinafike polemera momwe tikukambira pano.

Kugula malo m'thiraki ya katundu wa anthu ambiri

Pa makina amodzi olemera pakati pa makilogalamu 300 ndi matani awiri kapena atatu, ochokera ku South Africa, iyi ndi njira yomwe ndimaiika patsogolo. Makampani onyamula katundu amasonkhanitsa katundu wa anthu osiyanasiyana m'nyumba yosungiramo, thiraki ikadzaza imanyamuka, ndipo inu mumalipira malo omwe mwadya okha. Ali ndi fokolifiti, kagalimoto konyamulira zolemera, pokweza ndi potsitsa, amakupatsani pepala lolandirira katundu, ndipo katundu wanu amalembedwa pa mndandanda womwe umaonetsedwa pa chipata chilichonse.

Zipatazo ndi zitatu, ndipo chilichonse chili ndi mbali ziwiri. Thiraki imadutsa pa Beitbridge kulowa Zimbabwe, n'kudzera ku Harare mpaka Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi ku Tete, kenako n'kusankha: Zobue ndi Mwanza ngati ikupita ku Blantyre, Calomue ndi Dedza ngati ikupita ku Lilongwe. Mlamu wanga anafunsa kuti bwanji osangotsitsa pa Ntcheu poti msewu ndi womwewo. Yankho n'lakuti katundu wa anthu ambiri amatsitsidwa kudepoti, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, pomwe a kasitomu angamuone, ndipo kuchokera pamenepo ulendo wopita kumudzi ndi wanu. Uwerengereni pasadakhale.

Kuipa kwa njirayi ndi kudikira. Thiraki sinyamuka isanadzaze, ndipo pachipata, mapepala a munthu mmodzi akalakwika, thiraki yonse imaima. Inu mungakhale mutakonza zanu bwinobwino koma n'kugona pa Mwanza chifukwa cha invoyisi (pepala losonyeza mtengo wogulira katundu) ya munthu yemwe simunamuonepo. Choncho funsani tsiku lomwe amanyamuka, kaya ndi sabata iliyonse kaya ndi "ikadzaza", ndipo funsani ngati mtengo womwe atchulawo ukuphatikiza ajenti wa kasitomu (wokukonzerani mapepala a msonkho), kutsitsa, ndi masiku angati osungira ulere. Zonsezi zilembedwe. Ngati kampani ikuzengereza kulemba, mwaphunzirapo kale kanthu.

Funsaninso za inshulansi mosapsatira. Makampani ambiri amanyamula katundu pa chiopsezo cha mwini wake, ndipo mawu amenewa amakhala m'zilembo zing'onozing'ono kuseri kwa risiti. Inshulansi ya katundu wa paulendo imagulidwa payokha, ndipo poyerekeza ndi mtengo wa makina imakhala kachigawo kakang'ono. Pa makina ogwirapo kale ntchito, jambulani zithunzi mbali zonse, jambulaninso kanema injini ikulira, pa tsiku lokweza. Popanda umboni umenewo, adzakuuzani kuti inali yakufa kale.

Kubwereka thiraki yonse kumamveka ngati kwa anthu olemera, ndipo pa chigayo chimodzi n'kutayadi ndalama. Koma mutu umodzi susenza denga. Anthu anayi kapena asanu a mpingo umodzi kapena a dera limodzi, wina ali ndi thirakitala, wina makina oumbira njerwa, wina zitsulo zomangira shedi, angathe kudzaza thiraki n'kugawana mtengo. Amasankha okha tsiku lonyamuka, ndipo katundu sasinthidwa galimoto panjira. Chofunika n'kugwirizana poyera za amene adzalipire thiraki ikachedwa pachipata chifukwa cha mapepala a mmodzi wa iwo. Makina otambalala kapena otalika kupitirira muyeso wa pamsewu ndi nkhani ina: amafuna ngolo yotsika, chilolezo chapadera m'dziko lililonse lomwe adutse, ndipo nthawi zina galimoto yotsogolera.

Ngati makina akuchokera kutsidya kwa nyanja

Ambiri masiku ano akugula ku China, ku India kapena ku Dubai: makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, opunthira mpunga, ogayira zakudya za nkhuku. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, ndiye funso limakhala pawiri: kontena yanuyanu kapena yogawana, ndiponso doko liti.

Kontena yogawana imakopa chifukwa mtengo wa panyanja pa kiyubiki mita umaoneka wochepa. Msampha uli kudoko lofikira. Kumeneko kontena imatsegulidwa, katundu amasankhulidwa, ndipo pamabwera ndalama zotsegulira, zosungira, za mapepala ndi za ajenti, zomwe nthawi zina zimaposa za panyanja. Wogulitsa akakuuzani kuti mtengo wake ndi CIF Beira, akutanthauza kuti walipira sitima ndi inshulansi kufikira padoko basi. Kuchokera pa Beira kufika pakhomo panu, zonse ndi zanu. Akati FOB, iye wangokweza m'sitima kwawoko. Akati EXW, ngakhale kuchotsa pafakitale ndi udindo wanu. Zilembo zitatu zimenezi zapweteketsa anthu ambiri omwe anaganiza kuti alipira kale zonse. Njira yochepetsa mutu ndi kupeza kampani yomwe imabweretsa kontena yogawana mpaka ku Lilongwe kapena ku Blantyre isanatsegulidwe, n'kukuuzani mtengo umodzi wofikira kudepoti yawo. Zilipo, ndipo amalonda omwe amaoda katundu ku Guangzhou amazidziwa.

Kontena ya mafiti 20 imalowa pafupifupi makiyubiki mita 33, ya mafiti 40 pafupifupi 67. Makina anu akafika theka la kontena yaing'onoyo, funsani mtengo wa kontena yonse. Kawirikawiri mudzapeza kuti kusiyana n'kochepa, ndipo mwapindula chinthu chachikulu: palibe amene akhudze makina anu kuchokera kufakitale mpaka kwa a kasitomu. Koma kontena ndi ya eni sitima, amakubwerekani masiku owerengeka. Masikuwo akatha imayamba kuwerengera ndalama tsiku ndi tsiku, m'madola, mpaka itabwezedwa kudoko ili yopanda kanthu. Popeza ulendo wa ku Malawi ndi wautali, pemphani masiku aulere ochulukirapo musanasungitse malo, osati kontena itafika.

Pa madoko, mapu ndi omwe amayamba kuyankha. Beira ili pafupifupi makilomita 800 kuchokera ku Blantyre, ndipo kwa wa kummwera ndi pakati ndiyo yachidule pamsewu. Vuto lake ndi nyengo ya mvula ndi namondwe. Idai wa mu 2019 anasakaza mzindawo n'kudula msewu wochokera kudoko. Zipolowe zomwe zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha 2024 zinaimitsanso mathiraki ambiri. Nacala ndi doko lakuya, ndipo lili ndi njanji yolowera pa Nayuchi, kudzera ku Liwonde ndi Nkaya mpaka ku Limbe. Pa katundu wolemera kwambiri wa kontena yathunthu, njanji ndi yoyenera kuifunsa, chifukwa sitima yapamtunda siopa sikelo ya pamsewu. Kungoti njanjiyo imatanganidwa ndi malasha a ku Moatize ndi katundu wa makampani akuluakulu, ndiye munthu wa bokosi limodzi sangaidalire payekha popanda kampani yomuimira.

Dar es Salaam ndi doko la wa ku Karonga, Mzuzu ndi Mzimba, ndipo ambiri a ku Lilongwe amalikondanso chifukwa kumafika sitima zambiri ndipo kuli Malawi Cargo Centre yomwe inakhazikitsidwira katundu wa dziko lathu. Katundu amadzera ku Mbeya n'kulowa pa Songwe. Ulendo wake ndi wautali, makilomita oposa 1,500 kufika ku Lilongwe, ndipo pali chitunda cha Chiweta chomwe madalaivala a mathiraki olemedwa amachilemekeza. Durban ili kutali kuposa onse, makilomita oposa 2,000 ndi zipata zitatu zija. Ndingaisankhe pokhapokha ngati katundu wanga akaphatikizidwe ndi wina ku Johannesburg.

Ndege ndi ya tsiku lomwe fakitale yaima chifukwa cha kachipangizo kamodzi, ndipo tsiku lililonse lodikira likukudyerani kuposa mtengo wa ndegeyo. Pampu ya dizilo ya injini, bolodi yamagetsi, giyabokosi yaing'ono, zimenezo zibwere pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka. Chigayo chathunthu ayi. Mtengo wake ungagule chigayo china.

Msonkho umayenda ndi mtengo wa ulendo

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti a MRA sawerengera msonkho pa mtengo wogulira wokha. Amaphatikiza mtengo wa katundu, inshulansi ndi zonyamulira kufikira polowa m'dziko, ndipo msonkho ndi VAT zimakwera pamwamba pa zonsezo. Ndiye njira yodula imakulipiritsani kawiri. Musanagule n'komwe, pitani kwa ajenti wa kasitomu wovomerezeka ndi dzina la makina, ntchito yake ndi zithunzi, akuuzeni nambala ya gulu lomwe makinawo amagwera ndi msonkho wake. Makina ena a ulimi ndi a m'mafakitale ali ndi msonkho wotsika kapena amachotseredwa, koma zimatengera gulu lomwe alembedwa, ndipo malamulowa amasintha ndi bajeti ya boma. Khalani ndi nambala yanu ya wokhoma msonkho yochokera ku MRA. Invoyisi ikhale yoona, chifukwa a kasitomu akaikayikira amaika mtengo wawo, n'kuwonjezerapo chindapusa, katundu ali chikhalire kudepoti akuwerengera masiku.

Pa katundu wa ku South Africa pali zinthu ziwiri zopulumutsa ndalama. Ngati makina anapangidwa komweko, pemphani satifiketi ya SADC yosonyeza kumene anachokera, chifukwa imatsitsa msonkho wolowera. Makina opangidwa ku China omwe mwangowagula m'sitolo ya ku Johannesburg sayenera satifiketi imeneyi. Chachiwiri ndi VAT ya kumeneko, yomwe ndi 15 peresenti. Katundu wotuluka m'dzikomo angathe kugulitsidwa popanda VAT imeneyi ngati wogulitsa ndiye akukonza zomutumiza kunja, kapena ingabwezedwe mukakhala ndi mapepala oyenera. Kambiranani ndi wogulitsa musanalipire. Pa makina odula, ndalama imeneyi yokha ingalipire gawo lalikulu la thiraki.

Kumbukiraninso kuti zambiri mwa ndalamazi zimatchulidwa m'madola kapena m'marandi. Amene anali ndi katundu panjira mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, anadzuka ali ndi ngongole yomwe sanagone nayo. Gawo lomwe mungathe kulipiriratu, lipirani, ndipo sungani ndalama ya msonkho pambali katundu asananyamuke.

Makilomita omaliza

Tsopano chigayo chili kudepoti ku Kanengo kapena ku Limbe. Apa pali mwayi womwe ndimaukonda. Nyengo yogulitsa fodya, malole ambiri amabwera ku okushoni ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu atadzaza mabelo, n'kubwerera kumidzi opanda kanthu. Chimodzimodzi omwe amabweretsa mbatata, chimanga ndi soya m'tauni. Dalaivala wobwerera chimanjamanja amalandira mtengo wotsika kuposa yemwe mwamubwereka kupita ndi kubwera. Koma gwirizanani ndi mwini lole, osati dalaivala yekha, chifukwa zikavuta panjira, katundu wonyamulidwa mwa matola alibe mwini mlandu. Ndipo ngati mudzi wanu uli kutali ndi phula, konzani kuti ulendowu uchitike mvula isanayambe. Lole yolemedwa ikatitimira m'dambo mu January, mudzalipira thirakitala yoikoka, mwinanso anthu oilondera usiku.

Makonzedwe a makinawo ndi omwe amapulumutsa kuposa china chilichonse. Masulani zomwe zingamasulidwe: injini payokha, chigayo pachokha, fanulo ndi mapaipi padera. Zidutswa zimadya malo ochepa ndipo zimanyamulika. Mabawuti aikidwe m'thumba lolembedwa, lomangidwa pa chidutswa chake. Khuthulani dizilo ndi oilo, chotsani batire, tsekani mabowo onse kuti fumbi ndi madzi zisalowe. Injini imangidwe ndi mabawuti pa matabwa okhuthala, osati kungoikhazika pa paleti. Ngati bokosi la matabwa lidutse malire a mayiko, makamaka panyanja, matabwawo akhale otetezedwa ku tizilombo ndipo akhale ndi chidindo chake. Pomanga pa lole, malamba okoka ndi matcheni agwire pa thupi la makina, osati pa shafiti, pa pule kapena pa mapaipi a mafuta.

Kumudzi kulibe fokolifiti. Chigayo cha mlamu wanga chitafika, tinali titakumba kale dzenje lotsetsereka pafupi ndi nyumba ya chigayo, lakuya mofanana ndi msinkhu wa bodi ya lole. Dalaivala anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, matayala akumbuyo n'kutsikira m'dzenjemo mpaka bodi inafanana ndi nthaka. Tinayala matabwa awiri, n'kuika mapaipi atatu achitsulo pansi pa matabwa omwe injini inamangidwapo. Anyamata anayi ankakankha, mmodzi ankatola paipi yotsalira kumbuyo n'kuithamangitsira kutsogolo, ndipo bambo wina wachikulire yemwe anagwirapo ntchito kumigodi ankalamula ndi dzanja, osalola aliyense kuika phazi kutsogolo kwa paipi. Palibe amene ananyamula kanthu paphewa. Injini inayenda ngati pa mawilo mpaka pa maziko ake. Ndaonapo kwina anthu akugwetsera makina pa mulu wa matayala akale kuti afulumire, ndipo zimenezo zimang'ambula chitsulo cha injini mosaoneka, n'kudzaonekera patapita miyezi.

Pali funso lina lomwe ndikanakonda mlamu wanga akanandifunsa asanagule. Thupi la chigayo ndi zitsulo zowotcherera, ndipo amisiri athu ku Ndirande, ku Biwi ndi kwina amazipanga, pamodzi ndi nyundo ndi masefa ake omwe mungawapeze mosavuta akatha. M'katundu wake yense, chomwe chinali chovuta kupeza kuno pamtengo wabwino chinali injini. Akananyamula injini yokha, akanalipira malo ochepa m'thiraki, msonkho wochepa, ndipo thupilo akanaliwotcheretsa ku Lilongwe molingana ndi injiniyo. Ngati simunagule, funsani kaye mtengo wa makina omwewo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kenako muuyerekeze ndi wakunjawo mutaphatikiza thiraki, ajenti, msonkho, inshulansi, lole ya kumudzi ndi miyezi yomwe ndalama yanu ikhale panjira osabala.

Mlamu wangayo anasankha malo m'thiraki ya katundu wa anthu ambiri, anagula inshulansi, ndipo chikalata cha msonkho chili m'dzina lake, m'fayilo yomwe mlongo wanga amaisunga m'sutikesi. Thiraki inachedwa masiku angapo pa Dedza chifukwa cha mapepala a munthu wina. Kuchokera ku Kanengo chigayo chinakwera lole yomwe inabweretsa mbatata kuchokera ku Tsangano. Chigayocho chinayamba kulira kutatsala milungu iwiri kuti anthu ayambe kukolola.